Adokotala, kodi khonsolo ya Dedza singathandize kafukufuku wa ma stem cell kuti ana athu achire?

Kalata yomwe talandira ikuti:

"Adokotala, ndine bambo wa ana atatu, ndimakhala cha ku Linthipe m'boma la Dedza. Mwana wanga wachiwiri, wamwamuna wa zaka 4, anamupeza ndi matenda a sickle cell chaka chatha atagonekedwa kachitatu. Kukazizira amachezera kulira kuti miyendo ikupweteka. Mwezi wathawu pamsika panabwera anthu ogulitsa timapaketi ta ufa tomwe akuti ndi ma stem cell, ati timachiza sickle cell, shuga, sitiroko ngakhale kusabereka. Mankhwala a mwezi umodzi akuposa mtengo wa thumba la feteleza, moti ndikuganiza zogulitsa mbuzi ziwiri. Komanso mphwanga anandiwerengera pa foni kuti ku America maboma ang'onoang'ono amapereka ndalama zofufuzira ma stem cell ndi china chake chotchedwa therapeutic cloning. Ine ndili mu ADC, komiti ya chitukuko cha dera lathu. Kodi sitingaumirize khonsolo yathu kuti nayo ichite zomwezo, mwina ndi ndalama za CDF? Nanga cloning ameneyu si kupanga munthu m'botolo? Abusa athu akamva angati chiyani?"

Bambo, ndiyambe ndi mwanayo, poti ndi amene wakukhazikani pansi kuti mulembe. Mtima ukhale m'malo. Matendawa ndi ovuta, sindikubisirani, koma mwana amene wapezeka nawo akadali wamng'ono chonchi, makolo ake n'kumafunsa mafunso ngati anuwa, ali ndi mwayi waukulu kuposa anzake ambiri omwe timawaika m'manda m'midzimu anthu akuti anali malungo osatha kapena anachita kulodzedwa. Pa zaka zomwe ndagwira ntchito m'mawodi a ana ndaona ana a sickle cell akukula, kulemba mayeso a fomu 4, ena mpaka kukhala pabanja. Mbuzi ziwirizo zikhale kaye m'khola mpaka mumalize kuwerenga.

Thupi lathu linamangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso totchedwa maselo. Ambiri mwa maselowa anapatsidwa kale ntchito. La khungu ndi la khungu basi, la mtima ndi la mtima, silingadzuke mawa n'kukhala la magazi. Koma pali kagulu kena komwe sikanapatsidwe ntchito, komwe kamatha kudzichulukitsa kokha komanso kubala maselo a mitundu ina. Amenewa ndiwo ma stem cell. Ine ndikamafotokozera makolo ndimawatchula kuti maselo a mbewu, chifukwa mlimi aliyense amadziwa kusiyana kwa chimanga cha m'nkhokwe chomwe chimatha ndi kudya ndi chomwe wapachika padera kuti adzabzale.

Inuyo muli nawo panopa. M'kati mwa mafupa, m'mafuta ofewa aja timakonda kuyamwa tikamadya nyama ya ng'ombe, ndi momwe mumakhala maselo a mbewu opanga magazi. Selo lofiira la magazi limakhala masiku pafupifupi 120 kenako n'kufa, choncho m'mafupamo ntchito siima, usana ndi usiku. Kwa mwana wanu, maselo a mbewuwa ali ndi malangizo olakwika kuyambira chibadwire. Maselo ofiira omwe amatulutsa amapindika ngati chikwakwa mpweya ukachepa m'magazi, amauma, amatsekereza timitsempha ting'onoting'ono, ndipo amafa pakangopita masiku 10 mpaka 20. Kupweteka kwa miyendo kuja ndi timitsempha tomwe tatsekeka. Kuchepa magazi kosathako ndi maselo omwe akufa msanga kuposa momwe mafupa angawabwezerere. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa ndi imene itithandize kuweruza za ufa wa pamsika uja.

Pali mtundu wina wa maselo a mbewu womwe unautsa mapiri pachigwa. Dzira la mayi likakumana ndi umuna, pakatha masiku asanu kapena asanu ndi limodzi pamakhala kamluza kochepa kuposa nsonga ya singano. Maselo a m'kati mwa kamluzako akhoza kusanduka chiwalo chilichonse cha thupi, kaya ubongo, kaya mtima, kaya magazi. Mu 1998 James Thomson wa ku yunivesite ya Wisconsin ku America anakwanitsa kutenga maselo amenewa a munthu n'kuwasunga amoyo mu labotale akuchulukana. Dziko linasangalala, poganiza kuti tsopano tizilima ziwalo zosinthira. Koma powatenga maselowo kamluzako kamawonongeka, ndipo mkangano wonse wagona pamenepo.

Tsopano za cloning. Inu a ku Dedza mumachita zimenezi chaka ndi chaka, dzina lokha ndi lomwe lili lachilendo. Mukamabzala kachewere simufesa njere. Mumakwirira mbatata yeniyeniyo, ndipo chomwe chimamera chimafanana ndi make m'zonse. N'chimodzimodzi phesi la chinangwa kapena mphukira ya nthochi. Asayansi anafuna kudziwa ngati izi zingatheke ndi nyama. Amatenga dzira, n'kuchotsa phata lake momwe mumakhala malangizo a chibadwa, n'kuikamo phata lochokera m'selo la nyama ina yayikulu kale. Akalidzidzimutsa ndi kamphamvu ka magetsi, dziralo limayamba kugawikana ngati lakumana ndi umuna. Umu ndi momwe inabadwira nkhosa yotchedwa Dolly pa 5 Julaye 1996 ku Roslin Institute ku Scotland, pa ntchito yomwe ankatsogolera Ian Wilmut. Anayesa mazira 277, nkhosa yomwe inabadwa ndi imodzi yokhayo.

Kamluza kopangidwa chonchi mukakaika m'chiberekero kuti kakule mpaka kubadwa, ndiye zomwe mukuti kupanga munthu zija. Mayiko ambiri anaziletsa pa anthu, South Africa inazilemba m'lamulo lake la zaumoyo la 2003, ndipo palibe umboni woti pali munthu anabadwapo mwa njira imeneyi. Therapeutic cloning imaima panjira. Kamluzako sikaikidwa mwa mayi aliyense. Kakakwanitsa masiku asanu aja amatengamo maselo a mbewu, ndi cholinga choti akhale ofanana ndendende ndi wodwalayo kuti chitetezo cha m'thupi mwake chisawaone ngati alendo n'kuwamenya. Ganizo lake ndi lokoma kumva. Koma kwa mwana wanu pali chopinga chomwe ambiri sachitchula: phata la selo lake lili ndi cholakwika chomwe chija. Mukabzala kachewere wa matenda mumakolola wa matenda. Pokhapokha cholakwikacho atachikonza kaye, maselo opangidwa kuchokera kwa iye angatulutse magazi opindika omwewo.

Abusa anu akadandaula musawaone ngati otsalira. Mpingo wa Katolika ndi mipingo ina yambiri imaphunzitsa kuti moyo wa munthu umayamba dzira likangoyamba kukula, choncho kupanga kamluza kuti ukakaphwasule ndi kulakwa ngakhale cholinga chikhale kuchiza. Ena amati kamluza ka masiku asanu, kopanda mitsempha ndi ubongo, sikangayezedwe mofanana ndi mwana amene akulira pabedi. Britain inalola kafukufukuyu kuyambira 2001, koma ndi chilolezo chapadera komanso lamulo loti kamluza kasasungidwe kupitirira masiku 14. Bungwe la United Nations linakambirana nkhaniyi kwa zaka, ndipo chomwe linatulutsa mu 2005 chinali chikalata chopempha mayiko kuti aletse, chopanda mphamvu yokakamiza, mayiko atagawanika pa mavoti. Anthu oganiza bwino ali mbali zonse ziwiri.

Ineyo chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mazirawo. Amachokera m'mimba mwa amayi, omwe amabayidwa mankhwala amphamvu kwa masiku angapo kenako n'kulowetsedwa singano. Ku South Korea, Hwang Woo-suk analengeza mu 2004 ndi 2005 kuti wakwanitsa therapeutic cloning pa anthu, boma lake n'kumamupatsa ndalama ndi ulemu wonse. Pomwe yunivesite yake inafufuza, zinapezeka kuti zotsatirazo anachita kupeka, atawononga mazira opitirira 2,000, ena ochokera kwa atsikana omwe ankagwira ntchito pansi pake. Ndikaganiza za umphawi wa amayi a m'midzi mwathu, ndimaona momwe zingakhalire zosavuta kuti wina abwere ndi ndalama pang'ono, amayi n'kuima pamzere osauzidwa bwino kuopsa kwake.

Sayansi nayo inakhotera kwina. Mu 2006 Shinya Yamanaka wa ku Japan anaonetsa pa mbewa, ndipo mu 2007 pa anthu, kuti selo wamba la khungu mukhoza kulibweza m'mbuyo n'kukhala selo la mbewu, popanda dzira komanso popanda kamluza. Analandira nazo mphoto ya Nobel mu 2012 pamodzi ndi John Gurdon. Therapeutic cloning yeniyeni pa maselo a munthu inadzatheka mu 2013 ku Oregon, pa ntchito ya Shoukhrat Mitalipov, koma pofika nthawiyo ofufuza ambiri anali atatsata kale njira ya Yamanaka. Mpaka lero palibe chithandizo chovomerezeka chomwe odwala akulandira m'zipatala chochokera ku therapeutic cloning.

Zomwe mphwanu anawerenga ndi zoona, koma mawu oti maboma ang'onoang'ono ndi omwe akusocheretsani. Pa 9 Ogasiti 2001 Pulezidenti George W. Bush analamula kuti ndalama za boma lalikulu la America zisagwiritsidwe ntchito pa maselo atsopano ochokera ku timiluza, kupatula omwe analipo kale. Zigawo zina sizinakondwe nazo n'kuganiza zolowa m'thumba mwawo. California ndi yomwe inapita patali: mu Novembala 2004 anthu ake anavotera lamulo lotchedwa Proposition 71, lolola chigawocho kukongola madola 3 biliyoni, ndipo panakhazikitsidwa bungwe la California Institute for Regenerative Medicine loti lizigawa ndalamazo. Lamulolo linalola therapeutic cloning koma linakaniza ndalama pa zopanga munthu. Ndalama zija zitatsala pang'ono kutha, mu 2020 anavoteranso zina zokwana madola 5.5 biliyoni, ulendo uno mavoti atatsala pang'ono kufanana.

California imeneyi ili ndi anthu pafupifupi 39 miliyoni, pafupifupi kawiri Malawi yense, ndipo chuma chake chimaposa cha mayiko ambiri a ku Ulaya. Ili ndi mayunivesite ngati Stanford omwe anali kale ndi akatswiri ndi malabotale, ndalamazo zinangothira mafuta pa moto woyaka kale. Zipatso zilipo ndithu. Ana ena obadwa opanda chitetezo cha m'thupi anathandizidwa kudzera m'kafukufuku yemwe bungweli linaikapo ndalama, ndipo lathandiziranso kafukufuku wa sickle cell. Koma machiritso omwe anthu ankayembekezera pa nthawi ya kampeni, oti opuwala msana adzayenda, okalamba oiwala adzakumbukira, sanafikebe m'zipatala ngakhale papita zaka zoposa 20. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kwa mtundu umenewu kumadya mabiliyoni.

Tibwerere kwathu. Khonsolo ya Dedza imatumikira anthu opitirira 800,000 malinga ndi kalembera wa 2018, ndipo ndalama zake zambiri zimachokera ku boma lalikulu, zina pang'ono ku ziphaso za m'misika ndi malaisensi. Mphamvu zomwe lamulo la maboma ang'ono la 1998 linapereka ku makhonsolo ndi zoyendetsera ntchito zofikira anthu: zipatala zazing'ono, sukulu za pulayimale, misewu ya m'midzi, misika, madzi. Labotale ya ma stem cell imafuna magetsi osathima ngakhale ola limodzi, matanki osungira maselo pa kuzizira kwa madigiri 196 pansi pa ziro, mankhwala oitanitsa kunja ndi madola mwezi ndi mwezi, ndiponso akatswiri ophunzira zaka khumi kapena kuposerapo. Ndalama za CDF zingathe ntchitoyo isanafike patali, ndipo patatha zaka zisanu mungadzapeze chipupa chomera udzu, ana a sickle cell akuvutikabe monga kale. Kafukufuku wa msinkhu umenewu, dziko lathu likadzaufuna, ndi nkhani ya unduna wa zaumoyo, National Commission for Science and Technology ndi mayunivesite monga Kamuzu University of Health Sciences. Yankho langa pa funso limeneli ndi loti ayi, musatengere pempho limeneli ku khonsolo. Ndili ndi mapempho ena omwe ndikufuna mutengere kumeneko, ndiwatchula posachedwa.

Za ufa wa pamsika ndilankhula mosapsatira: simuli chomwe chingachize mwana wanu. Selo lamoyo ndi chinthu chosalimba. Silingaumitsidwe kukhala ufa, n'kuyenda pa minibasi padzuwa, n'kukhalabe lamoyo. Ngakhale likanakhala lamoyo, chilichonse chomwe mwameza chimakagayidwa m'mimba ngati nsima. Zambiri mwa zinthuzi mukawerenga timalemba ta kumbuyo mupeza kuti ndi zochokera ku zomera monga maapulo kapena mphesa, ndipo selo la apulo silingalowe m'fupa la munthu n'kuyamba kupanga magazi. Kumbukirani kuti vuto la mwana wanu lili m'malangizo a m'maselo a m'mafupa mwake. Palibe chakumwa chomwe chimakafika kumeneko n'kulembanso malangizowo. Ndipo mankhwala amodzi omwe akuti amachiza shuga, sitiroko, kusabereka ndi sickle cell nthawi imodzi, matenda omwe magwero ake ndi osiyana kotheratu, akudziulula okha.

Chomwe chimandipweteka mtima n'chakuti mabanja amasiya chithandizo chenicheni. Sindidzaiwala mayi wina amene anasowa ku kiliniki miyezi ingapo atauzidwa ndi ogulitsa kuti mankhwala a kuchipatala amalimbana ndi ufawo. Anagulitsa mbewu yake ya nyemba kuti agule. Pomwe ankabwera nayenso mwanayo, zikhatho zinali zoyera ngati pepala, akupuma movutikira, ndipo tinachezera usiku kusaka magazi oti timuike. Anapulumuka, koma mayiyo analira kwambiri, ndipo ine sindinamuimbe mlandu. Anachita zomwe kholo lililonse lachikondi lingachite litanamizidwa. Ngakhale a jakisoni omwe amapezeka m'makiliniki ena a kunja si oti n'kuwakhulupirira msanga. Ku Florida mu 2015 amayi atatu anawonongeka maso kwambiri, wina mpaka kuchita khungu, atabayidwa m'maso maselo otengedwa m'mafuta a m'thupi mwawo pa kiliniki yomwe inkawalipiritsa.

Chithandizo chenicheni cha ma stem cell chilipo, ndipo ndi chakale ndithu. Ndi kusintha mafuta a m'mafupa. E. Donnall Thomas, mmodzi mwa omwe anachiyambitsa, analandira mphoto ya Nobel mu 1990, ndipo kwa wodwala sickle cell chinachitika koyamba mu 1984. Mwana amapatsidwa mankhwala amphamvu a mtundu wa a khansa kuti aphe maselo a mbewu a m'mafupa mwake, kenako amamuika kudzera m'mtsempha maselo a munthu wina wofanana naye, kawirikawiri m'bale wake wa bere limodzi ndi bambo mmodzi. Zikayenda bwino mafupa amayamba kupanga magazi abwino moyo wake wonse. Kwa ana omwe apeza m'bale wofanana nawo, oposa 9 mwa 10 aliwonse amapulumuka ndipo ambiri amachiriratu. Apa palibe kamluza, palibe cloning, ndipo wopereka maseloyo amabwerera kusukulu patangopita masiku ochepa.

Koma musachione mopepuka. Mwayi woti m'bale mmodzi afanane naye ndi umodzi mwa inayi. Kwa milungu ingapo mwanayo amakhala wopanda chitetezo, moti kachilombo wamba kakhoza kumupha. Maselo atsopanowo nthawi zina amaukira thupi lomwe alowamo, n'kuwononga khungu, chiwindi ndi matumbo. Ambiri amataya mphamvu yobereka. Mabanja a kuno omwe achitsata amapita kunja, makamaka ku India kapena South Africa, pa ndalama zomwe mlimi wamba sangazione. Anzathu a ku Tanzania anayamba kuchita zimenezi kwa ana a sickle cell pa chipatala cha Benjamin Mkapa ku Dodoma, zomwe zikundipatsa chiyembekezo kuti si maloto kwa dziko ngati lathu, bola likhale boma lalikulu lomwe lasenza. Palinso njira yatsopano yotchedwa Casgevy, yomwe inavomerezedwa ku Britain mu Novembala 2023 ndi ku America mu Disembala chaka chomwecho, momwe amatenga maselo a mbewu a wodwala yemweyo, kuwakonza mu labotale n'kumubwezera. Pomwe inkavomerezedwa mu 2023 inali ya azaka 12 kupita m'mwamba, ndipo mtengo wake ku America unali madola 2.2 miliyoni pa munthu mmodzi.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo. Wa pamphuno kwa mwana wanu ndi mankhwala otchedwa hydroxyurea. Ndi akumwa kamodzi patsiku, ndipo amachititsa mafupa kupanganso mtundu wa magazi womwe mwana amakhala nawo ali m'mimba, womwe supindika. Kafukufuku wotchedwa REACH, wa ana pafupifupi 600 ku Angola, Democratic Republic of Congo, Kenya ndi Uganda, anaonetsa kuti ana omwe ankamwa mankhwalawa ululu unachepa, kuikidwa magazi kunachepa, malungo anachepa, imfa nazo zinachepa. Sachiza, koma amasintha moyo wa mwana ndi wa nyumba yonse. Musakagule nokha. Mlingo wake umatengera sikelo ya mwana, ndipo amafunika kuyezedwa magazi pafupipafupi makamaka poyamba. Pitani pa chipatala cha boma ku Dedza mukafunse za kiliniki ya matenda okhalitsa, ndipo ngati kumeneko sangathe kumuyambitsa, pemphani kalata yopita ku Kamuzu Central ku Lilongwe komwe kuli kiliniki ya ana a sickle cell. Kwa inu a ku Linthipe ndi ulendo wa tsiku limodzi kupita ndi kubwerera.

Pa msinkhu wakewu afunikanso penisilini wa tsiku ndi tsiku mpaka atakwanitsa zaka 5, chifukwa kapamba wa mwana wa sickle cell amafooka msanga ndipo sathanso kulimbana ndi tizilombo toyambitsa chibayo. Onetsetsani kuti akatemera onse a m'buku lake anakwana. Azigona m'neti usiku uliwonse ndipo mufunse za mankhwala oteteza malungo ndi a folic acid. Azimwa madzi ambiri ngakhale asanamve ludzu. Ndipo poti kwanu ndi ku Dedza, nkhani ya kuzizira muitenge ngati mankhwala. Mphepo ya Juni ndi Julaye imafinya mitsempha, magazi opindika aja n'kutsekeka mosavuta. Juzi, masokosi, chipewa, bulangete lachiwiri, madzi ofunda osamba, ndiponso kusamutuma kumadzi m'mamawa kapena kumulola kusewera pamvula, zimenezi zimachepetsa mausiku olira aja. Ululu ukayamba mupatseni panado pa mlingo womwe anakuuzani, madzi akumwa, ndi kansalu kofunda pamalo powawapo. Chozizira ayi.

Pali zizindikiro zomwe mukaziona musadikire kuti kuche. Thupi likatentha, ngakhale akuoneka kuti akusewera, ameneyo ndi wa kuchipatala tsiku lomwelo. N'chimodzimodzi akamapuma mofulumira kapena kudandaula pachifuwa, zikhatho ndi m'maso zikayera kuposa masiku onse, kapena mimba ikatupa mwadzidzidzi kumanzere pansi pa nthiti, chifukwa kapamba akhoza kumeza magazi ambiri m'maola ochepa. Pemphani anamwino akuphunzitseni inu ndi mayi ake kakhudzidwe ka kapambayo. Dzanja kapena mwendo ukafooka mbali imodzi, kamwa likapotoka, mawu akamatuluka molemera, akakomoka kapena mutu ukamuwawa modabwitsa, imeneyo ikhoza kukhala sitiroko, ndipo imagwira ana a sickle cell ngakhale aang'ono ngati wanuyu. Poti ndi mnyamata, chiwalo chake chachimuna chikauma mopweteka kwa maola awiri osabwerera, manyazi muwasiye kunyumba, thamangani naye. Ndalama ya mbuzi ija, ngati mudzagulitse, idzakhale ya njinga yamoto ya usiku wotero.

Tsopano mpando wanu wa mu ADC. Ndi mpando wamphamvu kuposa momwe mukuganizira, chifukwa zomwe makomiti a chitukuko a m'midzi (ma VDC) ndi ma ADC alemba ndi zomwe zimakwera kukalowa mu dongosolo la chitukuko la boma lonse, ndipo khansala wanu akhoza kuzitengera ku komiti ya khonsolo yoona zaumoyo komwe mkulu wa zaumoyo m'boma amayankha mafunso. Kafunseni kuti ndi ana angati a sickle cell omwe ali m'kaundula wa boma la Dedza, ndipo ndi angati mwa iwo akulandira hydroxyurea. Funso lokhalo limagwedeza anthu. Pemphani kuti zipangizo zoyezera sickle cell pachala, zofanana ndi zoyezera malungo zija, zifike m'zipatala zazing'ono kuti ana azipezeka ali makanda, asanagonekedwe katatu ngati wanu. Mu 2022 mayiko a mu Africa omwe ali mu World Health Organization anagwirizana za ndondomeko yotchedwa PEN-Plus, yoti matenda ngati sickle cell, shuga wa ana ndi matenda a mtima azithandizidwa pa zipatala za m'maboma, ndipo kuno kwathu boma la Neno linaonetsa kale kuti n'zotheka. Muli ndi poyambira pofunsa kuti Dedza ili pati.

Kenako magazi ndi mafuta a ambulansi. Mwana wa sickle cell amafa kawirikawiri chifukwa magazi sanapezeke nthawi yake. ADC yomwe ingagwirizane ndi mafumu, mipingo ndi masukulu a sekondale kuitana a Malawi Blood Transfusion Service kawiri pachaka yapulumutsa ana ambiri, pamodzi ndi amayi oyembekezera. Za ogulitsa ufa aja, misika ndi maholo ambiri ali m'manja mwa khonsolo. Kadziwitseni ofesi ya zaumoyo ya boma, omwe angathe kutengera nkhaniyo ku Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, bungwe lomwe lili ndi mphamvu pa mankhwala ogulitsidwa m'dziko muno. Musakalimbane nawo nokha pamsika, poti ena mwa iwo ndi achinyamata a m'mudzi momwemo omwe nawonso ananamizidwa kuti alowe bizinesi.

Kafukufuku nayenso khonsolo ikhoza kumuthandiza, mwa njira yoyenera msinkhu wake. Malawi ndi dziko loyamba lomwe linayamba kupereka katemera wa malungo kwa ana mu Epulo 2019, ndipo izi zinatheka chifukwa makolo a ku Lilongwe ndi a mayiko ena analola ana awo kulowa m'kafukufuku zaka za m'mbuyomo. Kafukufuku wotere amafuna mafumu ndi makomiti omwe angafotokozere anthu chifukwa chomwe achipatala akutengera magazi. Tonse tikukumbukira mphekesera za anamapopa za mu 2017 ku Mulanje ndi Phalombe, momwe anthu anaphedwa ndipo ntchito zaumoyo zinaima. Munthu ngati inu, amene mwana wake ndi wodwala ndipo anthu amamudziwa, mawu ake amamveka kuposa a dokotala wobwera pa galimoto. Ofufuza akabwera m'dera lanu, afunseni kalata ya National Health Sciences Research Committee kapena ya COMREC, makomiti omwe amavomereza kafukufuku wa zaumoyo, ndi ya ofesi ya zaumoyo ya boma. Kafukufuku weniweni salipiritsa wodwala, amafotokoza kuopsa kwake m'Chichewa, ndipo amakulolani kutuluka tsiku lomwe mwafuna popanda kutaya chithandizo.

Pali chinthu chimodzi chomwe simunafunse koma ndachiona chikupasula mabanja. Matendawa akapezeka, akuchimuna amaloza akuchikazi, akuchikazi amaloza akuchimuna, mpaka ankhoswe kuitanidwa. Mwana sadwala sickle cell pokhapokha atatengera mbali zonse ziwiri, theka kwa inu, theka kwa mayi ake, ndipo nonse awiri simunadziwe chifukwa wonyamula theka sadwala. Pa mimba iliyonse ya inu awiri mwayi woti mwana adwale ndi umodzi mwa inayi, ndipo mimba ya lero siyang'ana kuti yapita ija inatha bwanji. Mukamapita ku Dedza tengani mayi a mwanayo akamve okha, ndipo ngati amalume ake angathe, abwere nawonso. Ana awiri enawo akayezedwe ulendo womwewo, makamaka wamng'onoyo ngati sanakwanitse chaka, chifukwa miyezi yoyambirira matendawa amabisala. Musaiwale buku la kuchipatala la mwanayo ndi timakalata tonse ta maulendo atatu omwe anagonekedwa, ndipo kapaketi kamodzi ka ufa uja, ngati mungakapeze kopanda kanthu, mukawaonetse achipatala.